Nyimbo ya malume a thiraki: funsani msewu kaye

Mayi wina wa ku Mbare, mumzinda wa Harare, watilembera kuti malume awo akupuma pantchito atayendetsa thiraki zaka pafupifupi 40 pakati pa Harare ndi Blantyre. Akufuna kuwapekera nyimbo ya paphwando, koma akusowa poyambira.

Mayi, mawu oti "ngwazi" ndi "olimba mtima" asiyeni kaye, amenewo amayenera msilikali ndi m'busa yemwe. Khalani ndi malumewo madzulo awiri, akuuzeni msewu, inu muzilemba mayina motsatana: Mutoko, Nyamapanda, Changara, Tete, Zobue, Mwanza. Nyimbo iyende momwe thiraki imayendera.

Ndime zitatu zakwana, iliyonse mizere 4. Yoyamba ikhale ya mbandakucha ku Msasa, dera la mafakitale ku Harare: kugogoda matayala, kukunga zingwe za lona, kudikira mpweya udzaze m'matanki kuti mabuleki amasuke. Yachiwiri ndiyo ili ndi nyama. Muikemo kugona pamzere pachipata podikira mapepala, nsima yophika pambali pa ngolo, mantha a pasikelo, kutentha kwa ku Tete. Pakuti anayamba nkhondo ya ku Mozambique isanathe mu 1992, afunseni za masiku omwe mathiraki ankadutsa Tete mumdipiti, asilikali a Zimbabwe akuperekeza. Madalaivala akale akamva ndime imeneyo adzangoti zii. Yachitatu ipite kwa akazi awo, omwe analera ana bambo ali pamsewu.

Kolasi ikhale yaifupi, wina kutsogolera, gulu kuvomera:

Tsikani ndi giya, malume,
Mabuleki angapse!

Aliyense wa ntchitoyi akudziwa kuti woponda buleki mtsetse wonse amatenthetsa madiramu mpaka buleki kusiya kugwira. Ndiye mzerewu ukunenanso za kupuma kwawoko, osachita kutchula.

Pomwe ambiri amalakwitsa ndi kuthithikiza mawu. Mzere usapitirire maphatikizo 10. Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, choncho mu Nyamapanda ng'oma igwere pa "pa". Mukaigwetsera pa "nda" dzinalo limveka lachilendo. Gitala imodzi ndi chisekese n'zokwanira, ndipo musathamange nayo, si ya gule.

Nthabwala za zibwenzi za m'njira, ngakhale anzawo akukakamizeni, musaikemo. Akazi awo adzakhala pampando wakutsogolo.