Usanandifunse za msonkho, tiye tikambe za Hiace yakoyo

Mphwanga, uthenga wako ndauona. Ukuti wapeza kampamba, wagula Hiace kwa munthu ku Area 25, ndiye ukufuna ndikuuze mmene geni yodumpha boda imayendera: kooda n'kuti, msonkho amalipira bwanji, phindu limatsala lingati. Za kooda sinditayapo nthawi. Aliyense wotsika basi ku depoti akuuza kuti zitenje ndi nsapato zili ku Kariakoo, msika wa ku Dar es Salaam, ndipo Chipata ndi pafupi moti umapita m'mawa n'kudzagona kwanu. Chandidetsa nkhawa ndi mawu amene wamaliza nawo, akuti galimotoyo idakali yatsopano chifukwa wotchi yake ikuonetsa makilomita 120,000 okha.

Wotchi imeneyo usaikhulupirire. Hiace za thupi lakale ngati yakoyo, za injini ya 5L, anasiya kuzipanga ku Japan mu 2004. Galimoto yonyamula katundu yatha zaka zoposa 20, iwe n'kumavomera kuti yayenda pang'ono chotero? Manambala amabwezedwa m'mbuyo, ena galimoto isanakwere sitima, ena konkuno. Gwada uone labala wa pa pedulo ya buleki ndi ya kilatchi. Gwira chiwongolero ngati chasalala mpaka kunyezimira, ona mpando wa dalaivala ngati wafwifwa mbali yolowera. Zimenezo wogulitsa amaiwala kubisa. Ndipo sindikunena kuti wagula chinthu choipa, ayi. Yangayi inadutsa kalekale makilomita 500,000 ndipo m'mawa imalira ndikangokhudza kiyi, pamene anzanga amene ankandiseka atagula zonyezimira pano akukwera basi ndi katundu wawo. Kuyenda kwambiri sikupha galimoto. Imafa ikakhala m'manja mwa munthu amene sakudziwa kuti chinasinthidwa n'chiyani ndipo chinasinthidwa liti.

Ndiye usanaode ngakhale belo imodzi, khetsa zonse: oyilo wa mu injini, wa mu giyabokosi, wa mu difu, wa mabuleki, madzi a mu redieta. Mafyuluta onse atuluke. Gula kope la ana asukulu, lemba tsiku ndi makilomita, lizikhala m'galimotomo. Ine oyilo ndimasintha pa makilomita 5,000 alionse, ndipo pamodzi ndi fyuluta yake. Wina akuuza kuti buku likunena zambiri kuposa apo. Amene analemba bukulo sanaone fumbi la mu Okutobala, komanso sanaone Hiace itadzaza mpaka kudenga. Werenga wekha: kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita pafupifupi 1,500. Kupita ndi kubwera ndi 3,000. Ulendo wachiwiri usanathe oyilo uja watha ntchito. Oyilo wa m'mabotolo a m'mbali mwa msewu, wopanda chidindo pachivindikiro, asalowe mu injini yako ngakhale akutsitsire mtengo motani.

Koma chachikulu ndi timing belt, lamba wa mano amene amayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni. Injini imeneyo imayendera lamba, si tcheni ngati Probox, ndipo lambayo amasinthidwa pa makilomita 100,000. Pali kanyale kolembedwa T-BELT kamene kamayaka nthawi ikakwana, koma mnyamata aliyense wa m'galaja amadziwa kukazimitsa osakhudza lambayo. Ndikamva dzina la lamba ameneyu mpaka lero mtima umandigunda, chifukwa ndiye anatsala pang'ono kundibwezera kumudzi chimanjamanja.

Munali mu Novembala 2023. Mwini shopu wina wa ku Area 2 anandipatsa oda yaikulu ya katundu wa Khirisimasi, zitenje ndi nsapato za ana, yaikulu kuposa ina iliyonse imene ndinanyamulapo. Mtengo tinagwirizana m'makwacha ndisananyamuke, tinalemberana. Mpamba wanga sunakwane, ndinaonjezera ndi ya katapila, poti ndinkaona kuti ndi ulendo wongopita n'kubwera. Galimoto ndinali nditaikonza bwino lomwe. Lamba ndinalipira wa orijino, m'bokosi lake lokongola, ndalama zonse zimene ananditchulira. Pobwerera ndinafika pa boda dzuwa likadali pamutu. Bodalo sinditchula, ndimadutsabe pomwepo.

Bwana amene anatenga mapepala anga sanawawerenge n'komwe. Anangoona kukula kwa katundu n'kunena kuti malisiti anga ndi abodza, mitengo ndachepetsa. Malisiti enieni, a m'mashopu odziwika! Ndinamuuza kuti aimbe foni kumeneko afunse. Anati netiweki yagwa, ndibwere mawa. Mawa lake akuti amene amasaina atuluka. Tsiku linalo anandiuza kuti nditsitse katundu yense awerenge chimodzichimodzi, ndipo mabelo anga anawamwaza pabwalo mvula yoyamba itangodutsa, pansi pali matope. Iye anakhala pakhonde, chidindo chili pa tebulo pafupi ndi dzanja lake, akukuta mtedza wokazinga, makoko akugwera pa fayilo yanga. Chimene ankafuna ndinkachidziwa. Ejenti wondithandiza mapepala a msonkho ankangondinong'oneza kuti “akulu, ingowapatsani ya fanta tizipita.” Ine ndinakana. Katundu ndi wanga, thukuta ndi langa, msonkho wa boma ndinali wokonzeka kulipira wonse. Ndimulipirenso munthu chifukwa chogwira ntchito imene amalandirira malipiro mwezi ndi mwezi?

Ndili chikhalire pamenepo, wailesi inalengeza kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Dola imene inali pa K1,180 inadzuka ili pa K1,700. Iwe sunayambe, ndiye mwina sukuona chimene chinandichitikira. Msonkho amawerengera pa mtengo wa katundu m'ndalama zakunja, n'kuusintha kukhala makwacha pa mtengo wa nthawi imeneyo. Akanandidindira tsiku limene ndinafika, ndikanalipira pa mtengo wakale. Pamene bwana uja anatopa nane n'kudinda, msonkho unali utakwera, ndipo wa ku Area 2 uja anali ndi pepala m'manja lonena mtengo wakale wa katundu. Phindu lonse linathera pa khonde limenelo. Pochoka anandiuza kuti “muyende bwino bambo.” Nkhope yake sindidzaiiwala.

Ndinanyamuka usiku womwewo kuti ndipulumutse chotsala, chifukwa katapila sadziwa kuti unachedwa pa boda. Pa chitunda china pa M1, kutali ndi mudzi, ndili pa giya yachiwiri, ndinangomva phokoso limodzi pansi pa mpando, injini n'kuzima. Palibe chenjezo, palibe utsi, palibe kutentha. Ndinaika miyala kumatayala, ndinatukula mpando, ndinamasula chivindikiro cha lamba ndi tochi ya pafoni ili kukamwa. Lamba uja anali atakonoka mano, wasalala ngati chitsononkho. Tizidutswa ta labala tinali mbwee pansi pake. Lamba woti sanayende ngakhale theka la theka la moyo wake. Bokosi linali la orijino, koma cham'katimo chinali chabodza, ndipo tensioner, kagudumu kokunga lambayo, imene ndinalipira kuti asinthe inali yakale yomwe ija, angoipukuta.

Usiku wonse ndinakhala nditatsamira chitseko cha kumbuyo, sipanala ya matayala ili m'manja, kuopa anthu oti angandilande katundu wa mwini. Kutacha ndinapeza lole yondikoka mpaka ku magalaja a ku Biwi mu Lilongwe, ndipo mtengo anatchula iwowo poona kuti ndilibe kolowera. Atatsegula injini, mavavu anali atapindika, camshaft itathyoka. Pa dizilo ngati imeneyo lamba akaduka, mapisitoni amamenya mavavu nthawi yomweyo, sumataya lamba yekha. Masipeya onse anali atakwera sabata yomweyo chifukwa cha kwacha. Poloti yanga ya ku Njewa, imene ndinkati ndidzamangapo nyumba ya ana, inapita kuti ndimasuke kwa wa katapila ndi kudzutsa galimoto. Mayi a kunyumba sanandinenepo kanthu, koma ndinkawaona akuwerenga makala pophika. Katundu ndinaperekabe yense, pa mtengo umene tinalemberana, ndipo mwini shopu uja mpaka lero satuma wina koma ine. Zimenezo ndimanyada nazo.

N'chifukwa chake ndikuti posintha lamba uzikhalapo. Ima pomwepo, ona akutulutsa wakale, ona tensioner ndi idler, timagudumu toyendapo lambayo, zatsopano zikulowa, pampu ya madzi aionenso pomwepo poti atsegula kale. Zakalezo akupatse m'manja upite nazo. Makaniko akakwiya nazo, si wako ameneyo. Ku Biwi kuli amisiri enieni, anthu omva injini ndi khutu, ndipo ukamupeza mmodzi usamusinthe chifukwa wina watsitsa mtengo.

Ena mwa iwo adzakuuza kuti achotse thermostat, kachipangizo kotsegula njira ya madzi injini ikafunda, poti kuno n'kotentha. Ukane. Injini yopanda thermostat imachedwa kufunda m'mawa, imamwa mafuta ambiri ndipo imadyeka msanga. Ikamatentha, vuto lili kwina: redieta yatsekeka, chivindikiro chake chatopa, kapena fani sikugwira bwino. Madzi a pa mjigo mu redieta ayi. Amasiya dzimbiri ndi zoyerayera m'timapaipi, ndipo tsiku lina udzaona muvi ukukwera uli pakati pa phiri. Thira coolant. Muvi ukangopitirira pakati, ima. Usati ndifike kaye pamwamba, gasiketi imapsera pa mawu amenewo.

Mapiri ndatchulawa, Chiweta udzamudziwa, ndipo ukapitirira ku Tanzania kuli Kitonga kupitirira Iringa. Potsika ndi katundu, giya yaing'ono, injini izikugwirira. Ukamangopondereza buleki, imatentha, oyilo wake amawira, phazi limangolowa mpaka pansi. Oyilo wa mabuleki amayamwa chinyezi, n'chifukwa chake amasinthidwa pakatha zaka ziwiri ngakhale akuoneka bwino. Malole amene udzaone atagona m'mbali mwa mapiri amenewo ambiri anatsika ndi buleki yokha.

Unafunsanso za mapepala eti. COF, chikalata chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu, ndi inshulansi zikhale zamoyo, zimenezo sindingachite kukuuza. Yellow Card ya COMESA, inshulansi yoyendera kunja kwa dziko, imakuyendetsa ku Zambia ndi ku Tanzania, koma ukalowera ku Dedza kupita ku Mozambique umagula inshulansi ya kumeneko. Pakati pa ife ndi Zambia pali njira yofewetsa ya amalonda ang'onoang'ono pansi pa COMESA, ya katundu wopangidwa m'mayiko mwathu momwemu amene ali pa mndandanda wawo, ukafunse pa Mchinji poti kuyambira 2022 mbali zonse ziwiri zili malo amodzi. Koma dziwa kuti pa msewu pali ena ovala yunifomu amene sayang'ana chimene uli nacho, amasaka chimene ulibe. Nyale imodzi ya kumbuyo ikapsa, chozimitsira moto chikatha masiku, thirayango ikasowa imodzi, wawapatsa wekha poyambira. Ine ndimayenda ndi mababu ndi mafyuzi m'kabokosi, ndipo ndimazungulira galimoto ndisanalize. Wina anandizungulira galimoto yonse kufuna cholakwa, mpaka anagwada kuyang'ana pansi, n'kundibwezera laisensi mokwiya. Sanadye yanga ngakhale tambala.

Mafuta akasowa, monga tinavutikira pa mizere mu 2022 ndi mu 2024, anyamata a zigubu amakuimika ndi manja pa msewu. Dizilo wina amakhala wosakaniza ndi palafini, wina ali ndi madzi pansi. Palafini alibe mafuta okwanira kutelezetsa pampu, ndipo pampu ya dizilo ikadyeka mtengo wake umameza phindu la maulendo angapo. Zikakukakamiza, thira pang'ono m'botolo loyera, dikira uone ngati pansi pakhala madzi. Fyuluta ya dizilo yapadera izikhala pansi pa mpando nthawi zonse, ndipo phunzira kuisintha ndi kupopa wekha, chifukwa idzatsekeka pamalo poti palibe makaniko.

Matayala a kaunjika ndimadana nawo. Mapanga amaoneka akuya, koma labala anauma kalekale. Pambali pa tayala pali manambala anayi: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Lopitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi lisiye, ndipo pa Hiace gula olembedwa C kumapeto kwa saizi, amene anapangidwira katundu. Mpweya uziyeza m'mawa asanatenthe. Ukamva kulira kwa “huuu” kumene kukukula ukamathamanga, ndi bering'i ya gudumu, usadikire kuti ifike ku Mzuzu. Mabushi, ma ball joint ndi mashoko uzionetsa ukabwera ulendo wautali uliwonse, misewu yathuyi ukuidziwa.

China, amayi a geni adzakuzungulira ku Kariakoo, aliyense ndi kathumba kamodzi kokha koti uwanyamulire, ndipo ndalama yake ndi yokoma chifukwa imabwera pompopompo. Ine ndimanyamula, sindikana, koma ndimayang'ana masipuling'i a kumbuyo. Akangowongoka, ndimatseka chitseko ngakhale amene watsalayo akhale wa ku mpingo kwathu. Thumba lililonse lizikhala ndi lisiti la mwini wake, ndipo mwini wakeyo azikhala nawe pa boda. Ukanyamula cha munthu osachitsegula, akachipeza ndi choletsedwa, galimoto imene adzaigwire ndi yakoyo.