Funsani Adokotala: Anadula matumbo, koma m'mimba simukuleka kutsegula

Mwezi uno tasankha makalata anayi ochokera mu Blantyre momwemuno, onse okhudza anthu amene anachitidwa opaleshoni ya matumbo chifukwa cha matenda a Crohn.

Adokotala, amuna anga anawadula chigawo cha matumbo chaka chatha. Bala linapola, koma m'mimba simunaleke kutsegula. Amapita kuchimbudzi kambirimbiri, makamaka m'mawa ndiponso akangodya. Chimbudzicho n'chamadzi, chachikasu, ndipo akuti chimawotcha. Flagyl amwa kangapo koma palibe chikusintha. Pano akuopa ngakhale kukwera minibasi yopita kuntchito ku Limbe. Kodi opaleshoni inalakwika? — Mayi wa ku Chilobwe

Mayi, kutsegula m'mimba kotereku si umboni woti opaleshoni inalakwika. Kumachitikira anthu ambiri amene anadulidwa malo amenewo, ndipo zimene mwafotokozazi zikuloza ku ndulu.

Matenda a Crohn amatupitsa matumbo n'kuwachititsa zilonda. Malo amene amakonda kugwira ndi kumapeto kwa matumbo aang'ono, pamene amalumikizana ndi aakulu, kumunsi kwa mimba mbali yakumanja. Madokotala amatcha chigawochi ileum, ndipo ndi chomwechi chimene Burrill Crohn ndi anzake analemba za icho ku New York mu 1932. Opaleshoni zambiri zimadula pamenepo.

Tsono ileum ndiyo imabweza ndulu. Chiwindi chimapanga ndulu, nduluyo imatsikira m'matumbo kukasungunula mafuta a m'chakudya monga amachitira sopo pa mbale yanoninoni, kenako ileum imayamwa pafupifupi 95 pa 100 iliyonse n'kuibweza ku chiwindi kuti ikagwirenso ntchito. Ileum ikadulidwa, ndulu imapitirira n'kukagwera m'matumbo aakulu. Kumeneko imaputa khoma la matumbo, ndipo m'malo moyamwa madzi, matumbowo amayamba kutulutsa madzi n'kuthamangitsa zonse zili m'katimo. M'mawa zimanyanya chifukwa ndulu imakhala itadzadza m'kathumba kake usiku wonse, ndiye chakudya choyamba chimaikhuthula nthawi imodzi.

Musayambe ndi kugula mankhwala ena. Bwererani kumene anachitidwa opaleshoni mutatenga buku lawo la kuchipatala, mukapemphe dokotala alembemo zinthu zitatu: anadula masentimita angati, kodi kachitseko ka pakati pa matumbo aang'ono ndi aakulu kanachotsedwa, nanga matumbo aakulu atsala onse. Nambala ya masentimitayo ndiyo imasankha mankhwala, ndipo malire ali cha pa 100. Akadula ochepera pamenepo, chiwindi chimakwanitsa kupanga ndulu ina yolowa m'malo mwa yotayikayo, mafuta amagayika, vuto limangokhala madzi aja. Akadula oposa pamenepo, ndulu imaperewera, mafuta amatuluka osagayika, ndipo mankhwala othandiza munthu woyambayo angamuwonjezere vuto wachiwiriyu.

Kwa amene anadulidwa ochepera 100, mankhwala ake ndi cholestyramine. Ndi ufa wa m'timapaketi ta magalamu 4, umene umagwira ndulu kuti isapute matumbo aakulu. Dokotala amayamba ndi kapaketi kamodzi patsiku, kosungunula m'kapu ya madzi, osabwira wouma, kenako amawonjezera pang'onopang'ono ngati pakufunika. Ngati vuto ndi ndulu, kusintha kumaoneka m'masiku ochepa, choncho kuyesa sabata imodzi kapena ziwiri kumayankhanso funso lakuti chikuchititsa n'chiyani. Anthu amalakwitsa pawiri. Ena amathira wambiri tsiku loyamba, mimba n'kufufuma, n'kuusiya. Ena amaumwera pamodzi ndi mapiritsi ena, osadziwa kuti ufawu umagwiranso mankhwala, kuphatikizapo ma ARV, mapiritsi olerera ndi warfarin, woletsa magazi kuundana. Mankhwala enawo amwedwe ola limodzi ufa usanamwedwe, kapena patapita maola 4 mpaka 6. Cholestyramine sapezeka m'famase iliyonse, ndiye itanitsani ena akale asanathe.

Loperamide, uja woletsa kutsegula m'mimba wa makapisozi a mamiligalamu 2, ndi wosavuta kupeza, koma ambiri amamumwa m'mimba mutatsegula kale. Kwa amuna anu ayenera kumwedwa mphindi 30 mpaka 60 asanadye, kuti chakudya chikapeze matumbo atafatsa. Ayambe ndi kapisozi mmodzi asanadye kadzutsa, awonjezere pa chakudya china ngati sizikukwanira, koma asapyole makapisozi 8 patsiku popanda dokotala, chifukwa wochuluka amasokoneza kagundidwe ka mtima. Pa nkhani ya minibasi ija: adzuke msanga, amwe kapisozi, adye patapita theka la ola, asiye khofi ndi tiyi wowirira wamkaka, akhale pakhomo ola lina kuti adzithandize, ndiye anyamuke. Akatentha thupi, akaona magazi m'chimbudzi, kapena mimba ikatupa uku akusanza, asiye loperamide apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Za Flagyl tinenepo mosabisa. Kuno kwathu wasanduka mankhwala a m'mimba mulimonse, koma pa ndulu sachita kanthu. Ngati bambo amapezako bwino akamamwa n'kuyambiranso akamaliza, mukamuuze dokotala zimenezo. Kachitseko kaja kakachotsedwa, tizilombo ta m'matumbo aakulu timakwera n'kuchulukana m'matumbo aang'ono, ndipo timabweretsa mpweya, kufufuma ndi kutsegula. Zimenezi zimachizidwa ndi mankhwala a masiku owerengeka olembedwa ndi dokotala. Kumangobwereza Flagyl pawekha kumawononga mitsempha ya kumapazi.

Zonsezi zisanachitike, pafunika kutsimikiza kuti palibe china chabisala. Ayezetse chimbudzi, chifukwa tizilombo ta giardia ndi amoeba n'tofala. Ayezetse magazi ndi HIV. Crohn amakonda kubwerera pamsoko pomwe analumikiza matumbo, n'chifukwa chake munthu amayenera kuunikidwa ndi kachubu ka kamera pakatha miyezi 6 mpaka 12 chichitikireni opaleshoni, ngakhale asakumva kupweteka. Funsaninso zotsatira za chidutswa chimene anadulacho, pakuti TB ya m'matumbo imagwira malo omwewo ndipo imafanana kwambiri ndi Crohn, pomwe mankhwala a Crohn amatsitsa chitetezo n'kuipatsa TB mpata. Ngati amasuta, aleke: fodya amawirikiza pafupifupi kawiri mwayi woti matendawa abwerere. Mutu ukawawa amwe Panado, osati Brufen, diclofenac kapena Indocid.

Ine anandidula masentimita 130, zinalembedwa m'buku. Chimbudzi changa n'chotuwa, chimayandama, chimanunkha koopsa ndipo chimakanirira m'toileti. Ndikudya koma ndikuonda, lamba ndachita kuboolanso. Ndidye chiyani? — Bambo wa ku Ndirande

Bambo, amenewo ndi mafuta amene akutuluka osagayika, ndipo cholestyramine kwa inu angawonjezere vutoli pochotsa ndulu yochepa imene yatsala. Chithandizo chanu chachikulu chili mu mphika.

Chipisi cha pachiwaya, mandasi, zitumbuwa, kanyenya wa nkhumba, khungu la nkhuku ndi majarini zichepe kwambiri. Ndiwo zanu ziziphikidwa padera ndi mafuta osaposa supuni ya tiyi imodzi. Nsomba yowamba kapena yophika, nkhuku yosenda khungu ndi mazira owiritsa ndi zabwino. Mphamvu muzizipeza ku nsima ya ufa woyera, mpunga, kachewere, chinangwa chophika, nthochi ndi buledi, chifukwa zimene matumbo aang'ono alephera kuyamwa pa zakudya zimenezi, matumbo aakulu amatha kupulumutsako. Muzidya kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku, pang'onopang'ono, koma zonse pamodzi zipose zimene munkadya kale. Amene amachepetsa kudya poopa chimbudzi ndi amene amaonda msanga.

Pali ngozi ina imene anthu saiganizira: miyala ya mu impso. M'masamba ena muli mchere wotchedwa oxalate. Mwa munthu wabwinobwino, oxalate amagwirana ndi kashiamu m'matumbo n'kutuluka ndi chimbudzi. Mwa inu kashiamu amatengedwa ndi mafuta osagayika aja, oxalate amatsala yekha, amalowa m'magazi kudzera m'matumbo aakulu n'kukaundana mu impso. Choncho bonongwe, sipinachi, mtedza, ndiwo zotendera, koko ndi tiyi wowirira zisakhale za tsiku lililonse. Usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe amabweretsa kashiamu pa nthawi yoyenera, ndipo dokotala angakupatseni mapiritsi a kashiamu omwera pa chakudya. Mukamva ululu woopsa m'nthiti cha kumsana wotsikira m'chinena, thamangirani kuchipatala.

Mavitamini A, D, E ndi K amayenda ndi mafuta, ndiye nawonso akutayika. Kusaona bwino kukada, nkhama kutuluka magazi ndi mafupa kuphwanya ndi zizindikiro zake. Mkaka muusiye sabata ziwiri muone ngati pali kusintha. Chambiko ndi yogati ambiri amazipirira. Muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo muzikwera sikelo imodzimodzi sabata iliyonse. Ngati mimba imapotokola mukadya mango a ulusi, chimanga chootcha kapena mbuliwuli, mwina pamsoko pafinyika. Zisiyeni ndipo mukanene. Matumbo otsala amapitiriza kuzolowera mpaka zaka ziwiri, choncho mmene zilili lero si mmene zidzakhalire mpaka kale.

Mwana wanga wamkazi anamuika thumba lolandirira chimbudzi pamimba. Limadzadza madzi okhaokha, iye ludzu silimuthera. Ndimamupatsa madzi ambiri ndi Sobo koma akungofooka, miyendo ikukokana. — Mayi wa ku Bangwe

Mayi, apa pamafunika kusamala, chifukwa chimene chikuoneka chanzeru ndicho chikumufoola. Matumbo aakulu, amene amayamwa madzi ndi mchere omaliza, sakugwira ntchito mwa mwana wanu. Matumbo aang'ono amayamwa bwino madzi pokhapokha muli mchere wokwanira ndi shuga pang'ono. Akamwa madzi okha, tiyi, Sobo kapena Fanta, matumbo amakoka mchere m'thupi n'kuutaya m'thumba. Lita iliyonse yotuluka imapita ndi mchere pafupifupi supuni ya tiyi imodzi. Ludzu limakula, iye amamwanso, thumba limadzadzanso.

Mupite naye kwa dokotala sabata ino kuti amuyeze impso ndi michere ya m'magazi. Kukokana kwa miyendo kumabwera kawirikawiri mchere wa magnesium ukachepa. Musanapite, yezani zotuluka m'thumba kwa maola 24 m'chigubu cha malita. Zikaposa lita imodzi ndi theka, ndiye zachuluka. Zikatero dokotala amachepetsa zakumwa wamba kufika pakati pa theka la lita ndi lita imodzi patsiku, n'kuikapo lita imodzi ya madzi a mchere ndi shuga omwa pang'onopang'ono tsiku lonse. Paketi ya Thanzi mu lita imodzi ndi poyambira pabwino. Amene akutaya kwambiri amafuna amchere woposerapo, ndipo muyezo wa chipatala cha St Mark's ku London ndi uwu: mu lita imodzi ya madzi, masupuni a tiyi 6 osasefukira a gulukosi, omwe ndi magalamu 20, supuni ya tiyi imodzi yosasefukira ya mchere, magalamu 3.5, ndi theka la supuni ya tiyi losefukira la soda wophikira, magalamu 2.5. Akhale madzi owiritsa kapena othira WaterGuard, makamaka nyengo ya mvula pamene kolera amavuta, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Akazizira amamweka bwino.

Ndiwo zake muzithira mchere wokwanira, ndipo azisiyanitsa kudya ndi kumwa ndi theka la ola. Loperamide asanadye amathandiza. Mukaona kapisozi watuluka wathunthu m'thumba, muzimutsegula n'kusakaniza ufa wake ndi kaphala. Cholestyramine apa alibe ntchito, popeza ndulu sikufika m'matumbo aakulu. Mkodzo ukachepa kwambiri n'kuda, akamachita chizungulire poimirira, kapena akamasanza, musadikire tsiku la kiliniki. Pitani naye ku Queen Elizabeth akamuike diripi.

Papita zaka zitatu chidulireni. M'mimba muli bwinoko, koma mapazi akuchita dzanzi, ndikutopa msanga ndipo lilime likuwawa. — Mphunzitsi wa ku Chirimba

Aphunzitsi, kayezetseni vitamini B12. Kuyamwa vitamini ameneyu ndi ntchito ina ya ileum, ndipo palibe chigawo china cha matumbo chimene chingaigwire. Chiwindi chimasunga B12 wokwanira zaka zingapo, n'chifukwa chake vuto limatulukira mochedwa chonchi. Amene anadulidwa masentimita oposa 60 pafupifupi onse amafuna jakisoni, ndipo ena odulidwa ochepera amamufunanso. Jakisoni wake ndi hydroxocobalamin wa miligalamu 1: amayamba ndi angapo motsatizana, kenako mmodzi pa miyezi iwiri kapena itatu iliyonse moyo wonse.

Musalole kungopatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. Folic acid yekha amakweza magazi pamene mitsempha ikupitirira kuwonongeka mwakachetechete. Muwauzenso adokotala ngati munamwa Flagyl nthawi yaitali, isoniazid wa TB, kapena metformin wa shuga, chifukwa awiri oyambawo amachititsa dzanzi paokha, ndipo metformin amatsitsa B12 n'kutsegulanso m'mimba. Pitani mwezi uno, pakuti dzanzi likakhalitsa silitheratu ngakhale jakisoni atayamba.