Tifunseni za Umoyo: Ngati chipatala n'chaulere, amalipira ndani?

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Zomba, ndipo pafupifupi onse akukhudza ndalama ndi kayendetsedwe ka zipatala. Tasankhapo asanu.

N'chifukwa chiyani amatiuza kuti tiziyambira kuchipatala chaching'ono, pomwe chachikulu chokhala ndi madokotala tili nacho pafupi? Bambo wa ku Chinamwali

Bambo, zipatala za m'dziko muno zinasanjidwa m'magawo atatu. Gawo loyamba limayambira m'mudzi, kwa mlangizi wa zaumoyo, yemwe pa ndondomeko amayenera kuyang'anira anthu 1,000. Kumadera ovuta kufikako mlangizi amakhala ndi kachipatala ka m'mudzi komwe amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Pamwamba pake pali zipatala zazing'ono monga Matawale, Thondwe ndi Likangala, komwe kumachitika sikelo, katemera, kulera, kubereketsa kosavuta ndi kupereka ma ARV. Cholinga cha boma n'chakuti munthu asayende mtunda wautali kuti apeze chipatala chotere.

Gawo lachiwiri ndi chipatala cha pa boma, komwe kuli opaleshoni ya amayi ovutika pobereka, kuika magazi ndi kujambula. Lachitatu ndi zipatala zazikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Mzuzu Central ndi Zomba Central. Palinso Zomba Mental Hospital, yomwe imalandira odwala matenda a maganizo ochokera m'dziko lonse.

Zomba ili ndi mwala wake mu nsapato: ilibe chipatala cha pa boma chonga cha ku Machinga kapena Mangochi, choncho Zomba Central imasenza mitolo iwiri. Imagwira ntchito ya gawo lachiwiri kwa anthu a boma lino, kwinaku ikulandira odwala kwambiri otumizidwa kuchokera ku Machinga, Balaka ndi Mangochi. Wachimfine akaima pamzere kumeneko, amene akudikira kumbuyo kwake mwina ndi munthu wothyoka mwendo amene wayenda usiku wonse.

Akakutumizani, onetsetsani kuti m'buku lanu la kuchipatala kapena m'kalata alemba chomwe akukayikira, zomwe ayeza, mankhwala amene apereka kale ndi nthawi yake. Kalata yongoti "pitani kwakukulu" imachititsa kuti zonse ziyambirenso pachiyambi. Koma pa ngozi ya pamsewu, mayi woyembekezera amene akutaya magazi, mwana amene akukomoka kapena wasiya kuyamwa, musadikire kalata. Thamangirani chipatala chilichonse chomwe mungafike msanga.

Kawiri konse kuchipatala cha kwathu andiuza kuti mankhwala a chifuwa cha mwana atha, ndikagule. Koma ma ARV ndi LA sizisowa kwenikweni. Kodi ndalama za mankhwala zimapita kuti? Mayi wa ana atatu

Mayi, mwaona chinthu chimene anthu ambiri sachiona. Mankhwala amene ali pashelefu imodzi mufamase sanagulidwe ndi thumba limodzi.

Tiyambe ndi thumba la boma. Ndalama zake ndi misonkho yomwe MRA imatolera, kuphatikizapo VAT imene mumalipira pogula zinthu m'sitolo. Aphungu amavomereza bajeti ku Nyumba ya Malamulo, ndipo kuyambira 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Ndalama za zaumoyo zikatuluka ku Treasury zimayenda m'mitsinje itatu. Woyamba, womwe ndi waukulu, ndi malipiro a ogwira ntchito. Wachiwiri ndi ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, zomwe a m'maofesi amangoti ORT: mafuta a ambulansi, chakudya cha odwala, magetsi, madzi, sopo. Wachitatu ndiye wa mankhwala, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimenezi silifika n'komwe ku Zomba ngati ndalama. Limalipiridwa ku Central Medical Stores Trust, nkhokwe ya mankhwala a boma, ndipo chomwe chimabwera kuno ndi makatoni.

Kuti katoni ifike kwanu pamachitika izi. Mankhwala aliwonse ali ndi khadi lake m'chipinda chosungiramo, pomwe amalembapo olowa ndi otuluka. Pakutha pa mwezi amawerenga otsala, kulemba lipoti, n'kulitumiza kufamase ya ofesi ya zaumoyo ya boma. Kumeneko amalowetsa manambalawo mu kompyuta n'kupanga oda. A nkhokwe amalongedza zomwe ali nazo, galimoto n'kukatula pachipatala, pamaso pa ogwira ntchito ndi a komiti ya chipatala.

Unyolowu umaduka m'malo angapo. Lipoti likachedwa kapena likalembedwa mongoganizira, oda imalakwika. Pali msampha wina wobisika: oda imawerengedwa potengera mankhwala amene anatuluka miyezi yapitayo. Ngati amoxicillin anatha pa 10, khadi lionetsa kuti mwezi umenewo anagwiritsidwa ntchito ochepa, ndipo wolemba akapanda kuonetsa masiku amene kunalibe, mwezi wotsatira abweranso ochepa. Kusowa kumabala kusowa kunzake.

Chachiwiri, pafupifupi mankhwala onse timagula kunja ndi ndalama zakunja, pomwe bajeti imalembedwa m'makwacha. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ikagwa chaka chili pakati, bajeti yomweyo imagula makatoni ochepa, n'kutha chaka chisanathe. Chachitatu ndi ngongole: nkhokwe ikachedwa kulipiridwa, nayo imachedwa kulipira amene amaigulitsa, iwowo n'kuleka kutumiza. Chachinayi ndi kuba, ndipo tisanamizane, kulipo. Mankhwala a boma amene mumawapeza pa benchi mumsika sanadziyendere okha.

Tsono ma ARV, mankhwala a TB, LA, zoyezera malungo ndi katemera wa ana zimagulidwa makamaka ndi thumba lina, la mabungwe ndi maiko otithandiza monga Global Fund, Gavi ndi boma la America. Zambiri mwa izi zili ndi njira yakeyake yogulira ndi yogawira, ndipo ndalama zake ndi madola kale, n'chifukwa chake kugwa kwa kwacha sikuzikhudza kwambiri. Ndalama zimenezi zinabwera zolembedwa dzina la matenda, ndiye woyang'anira famase sangatengeko n'kugulira mankhwala a chifuwa kapena a BP.

Ziwerengero za unduna za zaka zapitazi zimaonetsa kuti ndalama zonse zogwiritsidwa ntchito pa zaumoyo m'Malawi zimakwana pafupifupi madola 40 pa munthu mmodzi pachaka, ndipo zoposa theka zimachokera kunja. Mu 2001 atsogoleri a mu Africa analonjezana ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo, koma dziko lathu zaka zambiri silifikapo. Kudalira kotereku kwatiluma kale: nkhani ya Cashgate itaphulika mu 2013 otithandiza anasiya kuponya ndalama m'thumba la boma, ndipo mu Januwale 2025 boma la America litaimitsa thandizo lake lakunja, ntchito zambiri zinagwedezeka. Paja fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

Mukauzidwa kuti atha, funsani kaye ngati pali ena ogwira ntchito yomweyo. Ngati palibe, akulembereni dzina la mankhwala, mphamvu yake, kangati patsiku ndi masiku angati, potengera kulemera kwa mwana. Gulani kufamase yokhala ndi chiphaso cha PMRA, bungwe loyang'anira mankhwala, ndipo gulani okwanira masiku onse. Theka la mlingo limangophunzitsa tizilombo kupirira. Kenaka kauzeni a komiti ya chipatala tsiku lomwe munabwezedwa, kuti lifanane ndi zomwe zili pakhadi lija.

Ndamva kuti anamwino a kuzipatala za mishoni amalipidwa ndi boma. Nanga ifeyo amatilipiritsiranji? Agogo a ku Malosa

Mwamva zoona, Agogo, koma ndi mbali imodzi. Zipatala za mipingo, monga St Luke's ku Malosa ya Anglican ndi Pirimiti ya Katolika, zili pansi pa CHAM, bungwe lomwe linayamba mu 1966 ndipo limapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, makamaka kumidzi. Boma limalipira malipiro a ogwira ntchito ambiri kumeneko. Mankhwala wamba, magolovesi, mafuta a jenereta, kukonza denga, zonsezo chipatala chimadzionera chokha, ndipo ndalama imene mumapereka pawindo imapita kumeneko.

Kuyambira 2006 pali mapangano otchedwa SLA, pakati pa ofesi ya zaumoyo ya boma ndi chipatala cha mishoni chimene chili kudera komwe kulibe cha boma pafupi. Mgwirizanowu umati chithandizo chakutichakuti, kawirikawiri cha amayi oyembekezera ndi makanda, chiperekedwe osalipiritsa, chipatala chilembe bilu, boma libweze. Mapanganowa safanana. Kwina amaphatikiza ana osakwana zaka zisanu, kwina ayi, ndipo amakhudza anthu a m'midzi yozungulira chipatalacho yomwe inalembedwa. Vuto limadza mabilu akaunjikana osalipiridwa: chipatala chimapirira miyezi ingapo, kenaka n'kuimitsa mgwirizano, anthu n'kudabwa kuti zaulere za dzana lero zili pamtengo. Musanagone m'chipatala funsani kuofesi ya ndalama kuti mgwirizano ukugwira ntchito pa chiyani ndipo mudzi wanu ulimo kapena ayi. Ma ARV, mankhwala a TB ndi katemera ndi zaulere ngakhale kumishoni.

M'bale wathu atafunika kutumizidwa, tinauzidwa kuti tisonkhe ya mafuta a ambulansi. Kodi n'zololedwa? Tikadandaule kuti? Mlongo wa wodwala

Achemwali, ambulansi ya boma yonyamula wodwala wotumizidwa siyenera kulipiritsidwa. Mafuta ake amachokera ku ORT ija, yomwe imabwera mwezi ndi mwezi kudzera ku khonsolo, nthawi zina mochedwa kapena yoperewera. Ndiye mwina wokuuzaniyo amanena zoona kuti thanki ndi youma, mwinanso amafuna yake ya m'thumba. Chosiyanitsa ndi lisiti. Ndalama iliyonse yoperekedwa pamalo a boma popanda lisiti ya boma ndi yokayikitsa.

Podandaula, dziwani mwini chipatala. Kuchokera pa lamulo la maboma ang'ono la 1998, zipatala zazing'ono zili m'manja mwa khonsolo, ndipo amaziyang'anira ndi mkulu wa zaumoyo wa boma, yemwe ambiri timangomutchabe DHO. Zipatala zazikulu zinayi zija zili pansi pa unduna ku Capital Hill, chilichonse ndi mkulu wake, choncho khansala alibe mphamvu yeniyeni kumeneko.

Yambani ndi woyang'anira chipatalacho. Zikakanika, pitani kukomiti ya chipatala, yomwe mamembala ake ndi anthu a m'midzi yomweyo. Kuyambira 2018 kulinso a Ombudsman a m'zipatala, omwe ntchito yawo ndi kulandira madandaulo a odwala. Nkhani ya chiphuphu ndi ya ACB, bungwe lolimbana ndi ziphuphu. Ngati vuto ndi kagwiridwe ka ntchito, monga kunyoza mayi pobereka kapena kupereka mankhwala olakwika, dokotala amayankha ku Medical Council of Malawi ndipo namwino ku Nurses and Midwives Council, mabungwe amene angathe kulanda chiphaso. Lembani tsiku, ola, zomwe zinanenedwa ndi amene analipo. Dandaulo lopanda tsiku limafera mudirowa.

Bwanji boma osangoyambitsa inshulansi ya aliyense ngati maiko ena, mavuto onsewa athe? Mphunzitsi wa ku Domasi

Aphunzitsi, maiko amatolera ndalama za zipatala m'njira zosiyana. Germany inayamba mu 1883 kudula pamalipiro a ogwira ntchito, wolemba ntchito n'kuikapo yake. Britain kuyambira 1948 imayendetsa zipatala ndi misonkho, wodwala osalipira pakhomo, ndipo yathu ili pafupi ndi imeneyo. Ghana inakhazikitsa inshulansi ya dziko mu 2003, koma ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho wa 2.5 peresenti woonjezera pa zogula, osati ku zosonkha za mamembala. Rwanda imasonkhetsa mabanja chaka ndi chaka, boma n'kulipirira osaukitsitsa.

Inshulansi sibala ndalama, imangosonkhanitsa zomwe anthu ali nazo. Kudula pamalipiro kumatheka kwa inu aphunzitsi, apolisi, asilikali a ku Cobbe Barracks ndi ogwira ntchito m'makampani, koma amenewa ndi ochepa. Mlimi wa mpunga kudambo la Chilwa, msodzi wa ku Kachulu, wakabaza, ndalama zawo zimabwera ndi nyengo ndipo kuwatolera kumadya gawo la zomwe mwatolerazo. Ndiye walira mvula walira matope: mukaika khadi pakhomo la chipatala, wopanda khadi amabwerera, ndipo kawirikawiri ndi yemweyo amene akudwala kwambiri.

Ife tikuona kuti phindu lapafupi lili pa zomwe ndondomeko ya unduna ya 2023 mpaka 2030 ikufuna, zoti boma ndi otithandiza azikhala ndi pulani imodzi, bajeti imodzi ndi lipoti limodzi, m'malo moti bungwe lililonse lizibwera ndi galimoto zake ndi mafomu ake. Chinanso n'chakuti chipatala chaching'ono chizikhala ndi kandalama kakekake koyang'aniridwa ndi komiti, kuti mpope ukathyoka asamadikire kalata ipite ku boma n'kubwerera. Amene ali kale pa MASM kapena inshulansi ina angathandize pogwiritsa ntchito mbali yolipiritsa ya zipatala zazikulu, bola zomwe zatoleredwa kumeneko zizioneka m'mabuku ndipo zizigula mankhwala a mbali yaulere.