Kwa aphunzitsi amene mwafunsa za statistics ya ophunzira a social work

Aphunzitsi, mwafunsa kuti muyambire pati pophunzitsa statistics kwa ophunzira a social work, poti ambiri akangoona dzina la kosiyo nkhope zimagwa, ndipo ena amakuuzani poyera kuti anasankha ntchito yothandiza anthu pothawa masamu. Ndaona anzathu ena m'gulu muno akulangizani kuti muwaike pa SPSS, pulogalamu ya pa kompyuta yowerengera statistics, basi, kompyuta iziwawerengera. Ine ndikusiyana nawo maganizo. Kosi imeneyi ndimaiphunzitsa kuno ku Chipata, ndipo ndimaikonda, choncho mundilole ndilembe motalikirapo.

Musanatsegule silabasi, ganizirani kumene ana amenewa akupita akamaliza. Ambiri adzakhala mu ofesi ya Social Welfare ku Katete, ku Chadiza, ku Lundazi kapena ku Petauke, ena m'mabungwe, ena m'zipatala. Pa tebulo pawo padzabwera mndandanda wa maina ochokera ku CWAC (Community Welfare Assistance Committee, komiti ya m'dera yothandiza kupeza ovutika), malipoti a miyezi itatu iliyonse, ndi mapepala a kafukufuku wolembedwa ndi anthu ena. Ndi ochepa amene adzachite kafukufuku wamkulu wa iwo eni. Koma onse adzapanga zisankho zokhudza moyo wa munthu poyang'ana nambala: banja ili lilowe pa Social Cash Transfer, ndalama zimene boma limapereka kwa mabanja ovutika, kapena lidikire, galimoto imodzi ya ofesi ipite ku wadi iti sabata ino. Ndiye chimene ndimafuna pa mapeto a semesita ndi wophunzira amene akaona nambala sathawa, komanso saimeza yathunthu. Amaifunsa kuti yachokera kuti, mwa anthu angati, ndipo ndani amene sanawerengedwe. SPSS siphunzitsa zimenezo. Imangotulutsa matebulo, ndipo wophunzira wamantha amawakopera mu lipoti osadziwa chimene akunena.

Sabata yoyamba musalembe fomyula pa bolodi. Apatseni mafunso ochepa a maperesenti ndi tizigawo, opanda mamakisi, owerengedwa m'makwacha. Mudzapeza kuti mtsikana amene akuti masamu anamukana ku Grade 12 amadziwa bwino lomwe phindu la meda ya nshawa yogula kumudzi n'kukagulitsa ku msika wa Kapata, ndipo amasunga mabuku a chilimba cha amayi ake osalakwitsa ngwee. Muuzeni zimenezo pamaso pa anzake. Mantha ambiri amachokera ku zilembo zachigiriki ndi Chingerezi cha m'mabuku, osati ku kuwerenga kwenikweniko. Amene akuvutikadi ndi maperesenti muwadziwe msanga, muwapatse ola lapadera, chifukwa zonse za kutsogolo zimayima pamenepo.

Kenako khalitsani pa funso lakuti "mwa angati?" Apa ndi pamene ndimathera nthawi yambiri kuposa mmene mabuku amanenera. Tiyerekeze sukulu ziwiri. Pa yoyamba atsikana 30 asiya sukulu chifukwa cha mimba, pa yachiwiri asiya 12. Funsani kalasi kuti ofisala apite kuti poyamba, ndipo pafupifupi onse adzaloza yoyambayo. Ndiye awuzeni kuti yoyambayo ili ndi atsikana 600, yachiwiri ili ndi 80. Awerenge okha: 5 peresenti ndi 15 peresenti. Musathamangire kupereka yankho, chifukwa mkangano umene umabuka apa ndi wabwino. Wina adzati atsikana 30 ndi anthu ambiri ndithu ofunika kuwathandiza kubwerera ku sukulu, poti lamulo lolola atsikana kubwerera akabereka lilipo kuyambira 1997. Wina adzati pa sukulu yaing'onoyo pali china chake chalakwika kwambiri chofunika kuchifufuza. Onse akunena zoona, ndipo aphunzira kuti chiwerengero ndi peresenti zimayankha mafunso osiyana.

Mean (avereji) ndi median (nambala yapakati) ndimaziphunzitsa ndi matumba a chimanga. Lembani pa bolodi zokolola za mabanja 9 a m'mudzi wongoyerekeza: 3, 4, 4, 5, 6, 7, 8, 9 ndi 80. Wa matumba 80 uja ndi mlimi amene ali ndi ng'ombe zolimira ndi feteleza wokwanira. Akaphatikiza apeza 126, akagawa ndi 9 apeza 14. Ndiye funsani: kodi ndi mabanja angati m'mudzi muno amene akolola matumba 14? Palibe. Mabanja 8 mwa 9 ali pansi pa nambala imeneyo. Ofisala akalemba mu lipoti kuti avereji ya mudziwu ndi matumba 14, kulikulu adzati kulibe njala, ndipo gogo wa matumba 3 amene akulera adzukulu asanu adzafika Disembala akudya mango owiritsa. Akandanda manambalawo n'kutenga yapakati apeza 6, imene ndi median, ndipo imanena za mudziwo moona. Wophunzira wa social work akaona zimenezi kamodzi saiwala, chifukwa gogo ameneyo amamudziwa. Pa manambala omwewo muwerenge nawo standard deviation ndi manja, kamodzi kokha, pang'onopang'ono, kuti aone kuti ikungoyeza kutalikirana kwa mabanja ndi avereji ija. Akatero kompyuta ikhoza kumawawerengera. Sindigwirizana ndi amene amachotseratu kuwerenga ndi manja, komanso sindiona phindu lowapatsa manambala 50 kuti atope nawo usiku wonse.

Zitsanzo zongoyerekeza zikagwira ntchito yake, bweretsani manambala enieni a dziko lathu. Zambia Statistics Agency imaika malipoti ake pa intaneti kwaulere. Kalembera wa 2022 anapeza kuti tilipo oposa 19 miliyoni, ndipo ali ndi ziwerengero za boma lililonse, choncho wophunzira aliyense angathe kufufuza za kwawo. Kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi pakati, ndipo ana 35 mwa 100 osafika zaka 5 anali opinimbira. Asonyezeni kuti 29 uja akubisa chiyani: kumidzi anali 37, m'matauni 19. Ndimasindikiza tebulo limodzi la m'lipotilo, gulu lililonse pepala lake, n'kuwauza kuti apeze mzere wa Eastern Province, auyerekeze ndi wa Lusaka, kenako alembe ziganizo zitatu zokha. Kuwerenga tebulo ndi luso lapalokha. Ambiri sadziwa ngati maperesenti akuyenda chopingasa kapena chotsika, ndipo palibe amene anawaphunzitsapo.

Za sample, fanizo la m'khitchini ndi lokwanira: simudya mphika wonse kuti mudziwe ngati mchere wakwana, koma muyenera kutakasa musanalawe. Vuto la kafukufuku wa ophunzira athu nthawi zambiri ndi kusatakasako. Amafika m'mudzi, amaonekera kwa anyakwawa monga mwa ulemu, anyakwawawo n'kuwapatsa mnyamata wowaperekeza, ndipo mnyamatayo amawatengera ku nyumba za achibale ake za m'mbali mwa msewu. Kapena amapita m'mawa wa mu Januwale, pamene aliyense wamphamvu ali kumunda kapena ku ganyu, n'kupeza okalamba ndi odwala okha. Kapena amatumiza mafunso pa WhatsApp, kuiwala kuti mayi amene akumufunayo alibe foni. Chitani izi m'kalasi momwemo. Lembani maina onse pa timapepala, pindani, ikani m'katoni, wina atole 10 osayang'ana. Kenako mutenge 10 okhala kutsogolo. Funsani magulu awiriwo mtunda umene amayenda kubwera ku sukulu kapena maola amene amawerenga, ndipo muyerekeze ndi kalasi yonse. Bwerezani kutolako kangapo kuti aone kuti yankho limasuntha nthawi iliyonse. Kusunthako ndiye maziko a confidence interval. Apatseni muyeso wosavuta kukumbukira: mukafunsa anthu 100 osankhidwa mwamaere, yankho lanu likhoza kuphonya ndi maperesenti pafupifupi 10 mbali iliyonse, mukafunsa 400 limaphonya ndi pafupifupi 5. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, anthu achuluke kanayi. Koma anthu 400 a m'mbali mwa msewu sakonza kanthu.

Pali msampha wina umene anthu a ntchito yathu amagwamo kawirikawiri, ndipo ndikupemphani muupatse phunziro lathunthu. Milandu ya nkhanza imene yalembedwa ku Victim Support Unit ya polisi si milandu yonse imene yachitika, ndi imene yafika pa tebulo. Dera likapatsidwa ofesi yapafupi, kapena mafumu akayamba kulankhula za nkhanza pa misonkhano, chiwerengero cha m'buku chimakwera, mwina chifukwa amayi ayamba kulimba mtima kukanena. Dera la kutali kumene kukafika ku polisi kumadya tsiku lonse limaoneka lamtendere pa pepala. Wophunzira amene wamvetsa zimenezi adzasamala asanalembe kuti nkhanza zachuluka kapena zachepa.

Chimodzimodzi nkhani ya zinthu ziwiri zoyendera limodzi. Auzeni kuti mwapeza kuti m'mabanja olandira Social Cash Transfer muli ana ambiri osowa zakudya kuposa m'mabanja osalandira, ndiye funsani ngati ndalamazo zikuononga ana. Pakapita kanthawi wina adzakweza dzanja kuti mabanjawo anasankhidwa chifukwa anali ovutika kale. Pamenepo ndi pamene mungawauze mbiri ya pulogalamuyi, chifukwa ndi chitsanzo chabwino kuposa chilichonse cha m'mabuku akunja. Inayamba mongoyesera ku Kalomo mu 2003, ndipo kuno kwathu Chipata ndi Katete anali m'gulu la maboma oyambirira kuyeserako, ku Katete ndalama zikupita kwa okalamba. Mu 2010, poyambitsa Child Grant Programme, yopereka ndalama kwa mabanja okhala ndi ana aang'ono, ku Kalabo, Shang'ombo ndi Kaputa, madera anasankhidwa mwamaere, ena kuyamba kulandira, ena kudikira. Popeza maere sayang'ana nkhope, magulu awiriwo anayamba ali ofanana, ndipo kusiyana kumene kunaoneka patapita zaka, monga mabanja kudya bwinoko ndi kukhala ndi ziweto zambiri, kunatheka kunenedwa kuti kwabwera ndi ndalamazo. Ophunzira a social work adzakufunsani ngati kunali chilungamo kudikiritsa mabanja osauka chifukwa cha kafukufuku. Alekeni akambirane. Funso limenelo ndi la ntchito yawo, ndipo ndi bwino alifunse ali m'kalasi ya statistics.

Za p-value ndi kuyesa ma hypothesis, zisungeni mpaka kumapeto, ndipo musachulutse. Chi-square pa tebulo la mizere iwiri ndi t-test yoyerekeza magulu awiri n'zokwanira pa kosi yoyamba. Chimene ndimalimbikira n'chakuti adziwe funso limene p-value ikuyankha: pakanakhala kuti palibe kusiyana kwenikweni, kodi kusiyana kwakukulu chonchi kukanaoneka kangati mwangozi chabe? Sinena kuti kusiyanako n'kofunika pa moyo wa munthu. Pa anthu masauzande, kusiyana kwa makwacha awiri pa mwezi kukhoza kutulutsa p-value ya pansi pa 0.05, malire amene ambiri amati significant, koma sikugula ngakhale kapamela ka ufa.

Kompyuta ibwere pakati pa semesita. Ophunzira athu ambiri alibe laputopu, laisensi ya SPSS ndi yodula, ndipo magetsi mukuwadziwa mmene anatichitira chilala cha 2024 chitaphwetsa madzi ku Kariba. Yambani ndi Excel, imene adzaipeza mu ofesi iliyonse. Jamovi, pulogalamu yofanana ndi SPSS, ndi yaulere, ndipo amene waiphunzira savutika akadzakumana ndi SPSS. Potolera mayankho, pulogalamu ya KoboToolbox imagwira pa foni wamba ngakhale kumene kulibe netiweki, mayankho n'kudzatumizidwa pambuyo pake. Konzani phunziro lililonse mwakuti litha kuchitika ndi choko ndi kakyuleta ya pa foni magetsi akathima.

Akayamba kutolera okha, muwaumirize pa chinsinsi. Maina asalowe mu fayilo, banja lililonse lipatsidwe nambala, ndipo pepala lolumikiza maina ndi manambala likhale kwa inu. M'mudzi waung'ono, kulemba kuti mtsikana wa zaka 14 wa m'mudzi wakutiwakuti ali ndi pakati n'chimodzimodzi kutchula dzina lake. Tili ndi Data Protection Act ya 2021 ndi Children's Code Act ya 2022, ndipo ndi bwino azimve m'kosi yanu asanapite kukaphunzira ntchito m'maofesi. Pa kosi yoyamba ine sindiwalola kufunsa ana kapena kufunsa za nkhanza. Afunse anzawo a pa sukulu za ndalama za mayendedwe ndi za lendi.

Pa mayeso, chepetsani mafunso a "werengani", chulukitsani a "tanthauzirani". Funso limene ndimalipatsa mamakisi ambiri ndi lotere: nali tebulo la mawadi anayi, lembani ndime imodzi kwa mkulu wa ofesi ya Social Welfare wa boma lanu, yonena kumene thandizo liyambire ndi chimene tebuloli silingathe kutiuza. Gawo lachiwiri amalichita pakamwa, m'Chinyanja, ngati akufotokozera a CWAC atakhala pansi pa mtengo, opanda mawu oti significant kapena median. Apatseni mphindi zitatu aliyense, anzawo akhale a komitiwo ndipo aziwafunsa mafunso. Ngati kalasi yanu ndi yaikulu, achite m'magulu a anthu asanu, koma wolankhula muzimusankha inu pa tsikulo, mwamaere, ndi katoni ija.