Asiye makolo ako akalawe za kwa eni

Mdzukulu wanga, wandifunsa za makolo ako. Ukuti akhala m'banja zaka zoposa 30, ndipo iwe ndi abale ako mwasonkherana ndalama kuti apite kunja akapumeko. Chikukudetsa nkhawa ndi chakudya. Mayi ako akufunitsitsa kulawa chilichonse chimene akachipeze, pamene bambo ako akuti iwo sadya zimene sakuzidziwa, komanso ali pa mankhwala a shuga ndi a BP. Ndiye ukuganiza zowalipiriratu hotela yoti azikadya momwemo m'mawa, masana ndi madzulo, kuti pasakhale mkangano kapena matenda.

Mtima wako ndi wabwino, koma ganizo limenelo lisiye. M'mahotela a alendo okhaokha ophika amachepetsa zokometsera kuti wina asadandaule, ndipo makolo ako adzabwerako osadziwa n'komwe zimene eni dziko amadya. Choposa apo, udzawamana chinthu chimene banja lokhalitsa limachisowa kwambiri.

Anthu akakhala limodzi nthawi yaitali amadziwana mpaka kusiya kufunsana. Mayi ako amadziwa mchere umene bambo ako amafuna, amadziwa nthuli imene amaikonda, amangoika patebulo, chakudya n'kutha popanda wolankhula. Si kudana ayi, n'kuzolowerana chabe. Koma akakhala pansi kumalo achilendo, mbale ikubwerayo palibe amene akuidziwa. Ine ndi amuna anga tinakhalapo pabenchi pamsika wina kunja, patsogolo pathu pali mbale ya msuzi wofiira umene ngakhale dzina lake sitinalimve bwino. Iwo ananunkhiza kaye, n'kulawa kunsonga kwa supuni, n'kukhala duu. Kenako anandikankhira mbale ija, amvekere, "Talawani inu, chikuwawasachi ndi ndimu kapena chiyani?" Tinatsutsana mpaka msuziwo unazirala. Panali patapita zaka zambiri asanandifunsepo maganizo pa chakudya, poti wophika ndinali ine. Ngati mayi ako ndiwo akhala akuphika zaka zonsezi, aleke nawonso akhale pansi, wina awaphikire, adye asakuganiza za mapoto.

Za kukana kwa bambo ako, asakakamizidwe. Aziitanitsa mbale ziwiri, ina ya chimene bambowo akuchidziwa, ina yachilendo, aziike pakati. Munthu amene wakana mbale yathunthu savuta kulawa supuni imodzi ya mkazi wake. Koma uwauze mayi ako mwaulemu kuti asamawaseke pamaso pa anthu, kapena kuwanena kuti ndi otsalira. Mwamuna wachikulire akachititsidwa manyazi pagulu, chakudya chimenecho sadzachikhudzanso. Nawonso bambo ako, chikapanda kuwakomera, asakwinye nkhope pamaso pa wophika kapena kuyamba kuyerekeza ndi za kwawo. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Kuthokoza n'kusiya chotsala mwakachetechete n'kokwanira.

Asamachite manyazi kufunsa eni ake kadyedwe kake. Ku Ethiopia anthu amadyera m'mbale imodzi yaikulu yoyalidwa injera, buledi wawo wopyapyala ngati chikondamoyo, ndipo ali ndi mwambo wa gursha, woti munthu amakulunga kachakudya ndi dzanja lake n'kumudyetsa mnzake pakamwa posonyeza chikondi ndi ulemu. Ndimalakalaka banja lililonse lokhalitsa litauyesako. Ku Spain chakudya chamadzulo chimadyedwa cha m'ma 9 kapena 10 koloko usiku, ndipo malo ambiri odyera amakhala asanatsegule pa nthawi imene ena anazolowera kudya. Kwa munthu wa shuga imeneyi si nkhani yaing'ono. Ngati amwa mankhwala n'kuchedwa kudya, shuga akhoza kutsika, munthu n'kuyamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta. M'chikwama cha mayi ako musamasowe kanthu kotafuna.

Tsono za matenda, amene ndi mantha ako enieni. Chimene chimadwalitsa kawirikawiri si kuti chakudyacho n'chachilendo, koma kuti chakhalitsa poyera chitazizira. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chipse mpaka kufika madigiri 70 Celsius, ndipo chophikidwa kale chisakhale pamtunda kupitirira maola awiri, chifukwa tizilombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Choncho mayi wokazinga pamsika, amene akuphula chakudya pamoto iwo akuona, n'kuwapatsa chikufuka nthunzi, nthawi zina ndi wodalirika kuposa tebulo lalitali la muhotela pomwe nyama yakhala chiikireni masana. Aziyang'ana pamene eni dziko achita mzere, makamaka amayi ndi ana, poti pamenepo chakudya sichigona. Zipatso azisenda okha. Kumene madzi ndi okayikitsa, azimwa a m'botolo losatsegula kapena owiritsa, ndipo akumbukire kuti ayisi woika m'zakumwa ndi madzi omwewo. Nyama, mazira ndi zam'nyanja zosapsa azipewe, thupi lachikulire silipirira kutsekula m'mimba ngati la mnyamata. Atenge mapaketi a ORS. Akasowa, asungunule masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Akaona magazi m'chimbudzi, thupi litatentha, kapena kusanza kosalekeza, athamangire kuchipatala.

Chakumwa ndiye chofunika kuchikamba mosabisa mawu. Ngati makolo ako samwa, ulendo usawayambitse. Dziko lililonse lili ndi tiyi wake, khofi wake ndi madzi a zipatso zake, ndipo kulawa zimenezo n'kudziwanso dziko. Ngati amamwako, kapu imodzi ya vinyo wa komweko pa chakudya, awiri akucheza, sindiona cholakwa bola dokotala wawo wavomera. Adziwe kuti munthu akamakula madzi m'thupi amachepa, ndiye mowa umene kale sunkawachita kanthu lero ukhoza kuwazunguza mutu, ndipo kugwa pamasitepe a kwa eni n'koopsa. Mowa wa pamimba yopanda kanthu umatsitsa shuga mwa munthu amene amabaya insulin kapena kumwa mankhwala monga glibenclamide. Mowa waukali wotchezera kuseri, wosadziwika kumene wachokera, asaulawe ngakhale wowapatsayo akhale wansangala chotani. Wina umakhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ndiponso kupha. Akumbukirenso kuti kumaiko ena, monga Kuwait, mowa ndi woletsedwa ndi lamulo. Ngakhale madzi a manyumwa, amene amaoneka osalakwa, sagwirizana ndi mankhwala ena a mafuta a m'magazi monga simvastatin.

Ntchito yako ndi yochepa. Uwaperekeze kwa dokotala asananyamuke, awauze zoyenera kupewa. Ulembe maina a mankhwala awo papepala, limodzi likhale kwa mayi, lina kwa bambo, ndipo mankhwalawo akhale m'chikwama cha m'manja, asapite ndi katundu wamkulu. Lipira malo ogona ndi chakudya cham'mawa chokha, ndalama yotsalayo uwapatse m'manja kuti azisankha okha kodyera. Usawadzazire tsiku ndi malo okaona, chifukwa chakudya cha anthu awiri achikulire chimafuna maola, ndipo masana amafuna kugonako pang'ono. Ukamawaimbira foni, kamodzi patsiku n'kokwanira, ndipo usayambe ndi kufunsa ngati m'mimba muli bwino. Afunse chimene adya lero, ndi amene anayamba kulawa.