Chikwama cholowa nacho m'ndege: yankho kwa amene akuyamba geni ya ku China ndi Dubai

Mayi, mwati ulendo woyamba wokapikula katundu ku Guangzhou wayandikira, ndipo mukufuna kudziwa ngati mugule kasutikesi ka matayala kapena chikwama chobereka. Gulani chobereka, chifukwa nkhani yonse yagona pa sikelo.

Ndege zambiri, kuphatikizapo Ethiopian Airlines imene ambiri timakwera kudzera ku Addis Ababa, zimalola makilogalamu 7 okha m'manja kwa wa tikiti wamba, ndipo chikwama chisapitirire masentimita 55 m'litali, 40 m'lifupi ndi 23 kunenepa. Makampani amasiyanako pang'ono, choncho werengani zimene zalembedwa pa tikiti yanu. Kasutikesi ka matayala kopanda kanthu kamalemera pafupifupi makilogalamu 3. Ndiye kuti mwatsala ndi 4 basi. Chobereka chabwino chimalemera kilogalamu imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Makilogalamu awiri amene mwapulumutsawo ndi mafoni angapo amene akanapita ku kago n'kulipiridwa padera.

Kukula kwake kukhale malita 35 mpaka 40. Zija zazitali za okwera mapiri musaziyang'ane n'komwe, zimapitirira muyezo ndipo pa geti adzakulandani n'kukaponya pansi pa ndege. Poyeza muziyeza chitadzaza, osati chili chophwa, poti thumba lakutsogolo likatupa ndi limene limakana kulowa m'kabokosi koyezera. Dziwaninso kuti ndege zazing'ono ngati Q400 zili ndi mashelefu opapatiza. Chikwama chofewa chokhala ndi timalamba tomangira m'mbali mumachifinya n'kulowa, pamene sutikesi yolimba amakuuzani kuti muisiye pa masitepe.

Pogula, yambani ndi zipi. Zipi ndi imene imafa msanga kuposa china chilichonse. Ikhale ya mano akuluakulu, yokhala ndi zokokera ziwiri zimene zimakumana kuti mukolekepo kaloko. Ikalembedwa YKK, dzina la kampani yotchuka yopanga zipi, ndi chizindikiro chabwino, ngakhale kuti zachinyengo zilipo zambiri, ndiye ikokeni kangapo makamaka pa makona, muone ngati ikugwira nsalu kapena kutsegukira kumbuyo. Kenako tembenuzani chikwamacho muone pamene malamba a m'mapewa alumikizana ndi thupi lake. Pamafunika ulusi wobwerezabwereza, wosokedwa ngati kabokosi kapena mtanda. Pakangodutsa mzere umodzi, lambalo lidzathothoka muli pakati pa msika. Za pa kaunjika nthawi zambiri zimaposa zatsopano zotchipa, koma pisani dzanja m'kati: mukamva kumata kapena tizidutswa toyera tikukanganuka, utoto woteteza madzi unatha kale.

Musachite manyazi kuyesera m'sitolo momwemo. Ikanimo mapaketi a shuga 7 a kilogalamu imodzi, berekani, yendani pang'ono. Lamba wa m'chiuno azitengako kulemera, apo ayi mapewa adzakuwawani tsiku loyamba lomwe, poti m'misika ya ku Guangzhou mumayenda kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Sankhani chotseguka mbali zitatu ngati sutikesi, osati chongotsegula pakamwa, chifukwa pa makina oyendera chitetezo amafuna laputopu ndi zamadzimadzi zituluke mwachangu. Zamadzimadzizo botolo lisapitirire mamililita 100, ndipo mabotolo onse akwane m'kapulasitiki koonekera ka lita imodzi. Mafuta onunkhira a ku Dubai a botolo lalikulu aikeni m'katundu wa pansi.

Tsono m'chikwamamo mumalowa zimene zikasowa geni yaima: malisiti onse a katundu kuti mukaonetse a MRA pa Kamuzu International Airport kapena ku Chileka, mapepala a kago, khadi la katemera wa yellow fever, mankhwala anu, chaja, ndi zovala zosinthira za tsiku limodzi poti masutikesi nthawi zina amatsalira pamene mwasinthira ndege. Pasipoti ndi madola zisakhale m'thumba lakunja. Funani chikwama chokhala ndi kathumba kobisika kumbali yogunda msana, kapena bwino kwambiri muzimangirire pathupi.

Mabatire apadera ndi ma power bank saloledwa m'katundu wa pansi, amayenda m'manja basi. Malire ake ndi 100Wh, kutanthauza pafupifupi 27,000mAh, ndiye ya 20,000mAh imadutsa bwinobwino bola manambalawo aziwerengeka pa thupi lake. Yofufutika amalanda. Kuyambira June 2025, pa ndege zoyenda m'kati mwa China amakananso power bank yopanda chizindikiro cha CCC chosonyeza kuti inayesedwa n'kuvomerezedwa ku China, zimene zikukukhudzani ngati mudzauluke kuchoka ku Guangzhou kupita ku Yiwu. Musadzaze chikwama ndi ma power bank ogulitsa poganiza kuti mwapulumutsa ndalama ya kago. Chilolezocho ndi cha zogwiritsa ntchito inuyo, ndipo ochuluka choncho amatumizidwa kudzera kwa a kago amene amanyamula mabatire.

Pobwerera, yezani chikwamacho ku hotela ndi kasikelo kolendewera musananyamuke. Chikapitirira, samutsirani zolemera m'masutikesi a makilogalamu 23 opita pansi pa ndege mudakali m'chipinda, osati pa kauntala anthu ali pamzere kumbuyo kwanu.