Mukafuna kuoda zida zoyezera makina a akalipentala

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri: kuti geni yobweretsa zida zoyezera makina a matabwa kuno ku Tete imayenda bwanji, ndiponso kuti munthu wa mpamba wochepa ayambe ndi ziti. Ndiyamba ndi lachiwirili, chifukwa ndi pamene ndalama za ambiri zimalowera m'madzi.

Kalipentala wa ku Ulongwe kapena ku Moatize akagula macheka a magetsi ndi makina opalira matabwa amaona ngati wamaliza. Posakhalitsa chitseko chikukana kukhala m'felemu, thabwa likutuluka lonenepa mbali imodzi, macheka akuwotcha mlombwa mpaka kuda m'mphepete. Iye amati anamugulitsa makina achabechabe, pamene kawirikawiri makinawo angosokonekera ndi mabampu a pamsewu. Ameneyu ndiye kasitomala wanu. Koma sangatulutse ndalama chifukwa choti chida chikunyezimira m'bokosi. Amagula akaona ndi maso ake kuti chapeza pamene pakhota. Choncho musaode chida chimene inuyo simungathe kuchisonyeza pa makina a mwiniwake.

Yambani ndi zinayi. Sikweya yachitsulo chokhachokha, ya mamilimita 100 kapena 150, osati ija ya chogwirira chamtengo. Chitsulo chowongoka, cha mamilimita 600 kapena mita imodzi, chogoneka pa tebulo la makina. Feeler gauge, timalilime tachitsulo tija toyambira pa 0.05 kufika 1 milimita, timene amakanika amayezera ma valve. Ndiye vernier yoyezera kunenepa kwa thabwa. Feeler gauge siigona m'chikwama, chifukwa akalipentala akapanda kuigula, okonza njinga zamoto amaitenga.

Sikweya muziiyesa musanalipire, m'sitolo momwemo, ngakhale wogulitsa akwinye nkhope. Tengani thabwa la m'mphepete mowongoka, gonekani sikweya, lembani mzere ndi pensulo yosongoka. Itembenuzeni kuti chogwirira chiloze mbali inayo, mulembenso pamalo omwewo. Mizere iwiriyo ikagonana, sikweyayo ndi yoona. Mizereyo ikatsegula kukamwa kumtunda, sikweyayo ibwezeni pa shelefu. Kampata kamene mukuonako ndi kawiri kulakwa kwenikweni kwa sikweya, n'chifukwa chake ngakhale vuto laling'ono limaoneka. Yesani iliyonse payokha, poti m'katoni imodzi mumapezeka zoona ndi zonama. Vernier itsekeni muiloze ku dzuwa: kuwala kusadutse pakati pa milomo yake, ndipo ziro agwirizane ndi ziro mnzake.

Tsono mukafika pa shedi ya kalipentala, zulani kaye pulagi. Ikani chizindikiro pa dzino limodzi la macheka, muyeze kuchokera pa dzinolo kufika pa chitsulo chotsogolera thabwa. Zungulitsani macheka ndi dzanja kuti dzino lomwelo lipite kumbuyo, muyezenso. Ngati kumbuyo kwapanikiza kuposa kutsogolo, ndiye chifukwa chake thabwa likupsa, ndipo tsiku lina lidzabwerera ndi mphamvu n'kumenya munthu pamimba. Pa makina opalira, gonekani chitsulo chowongoka pa tebulo lotulukira thabwa, muzungulitse mipeni pang'onopang'ono. Mpeni uliwonse ungokhudza chitsulocho mofanana, kumanzere ndi kumanja komwe. Pamene pali mpata lowetsani feeler gauge, mumuwerengere mwiniwake nambala. Akaona lilime la 0.3 likulowa mbali imodzi, mbali inayo likukana, simuvutikanso ndi kunenerera malonda.

Dial indicator, kawotchi kaja kowerenga mpaka 0.01 milimita, ndi kabwino kwambiri poona ngati shafiti, chitsulo chija chozungulitsa macheka kapena mipeni, ikuvina. Koma kaodeni pokhapokha munthu wakutumani ndipo waperekako ndalama. Mwendo wake umagwira ndi maginito, pamene macheka ambiri a kuno ndi opangira konkuno, tebulo lamatabwa ndi mota pansi, ena ndi a aluminiyamu. Maginito sagwira pamenepo. Komanso kunena zoona, mtengo umafufuma nthawi ya dzinja n'kunyala mu Okutobala, ndiye kulondola 0.01 pa thabwa la paini losauma bwino ndi kudzivuta chabe.

Vernier ya manambala a batire anthu amaikonda poti siivuta kuwerenga, koma fumbi la utuchi ndi chinyontho cha ku Angónia zimaisokoneza, ndipo batire yake, LR44 kapena CR2032, sungaipeze pa golosale ya kumudzi. Mukabweretsa, bweretsani ndi mabatire omwe. Kwa a ku Furancungo ndi ku Tsangano ndimasankha yopanda batire. Muonenso kuti chida chili m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4, ndipo kalipentala wogulira matabwa ku Dedza amatchula mainchi pamene woda yake yalembedwa m'masentimita. Tepi ya zonse ziwiri imayenda malonda kuposa ya mtundu umodzi. Za mayina: Mitutoyo ya ku Japan ndi Starrett ya ku America ndi zida zenizeni, n'chifukwa chake akuba amakopera mayinawo. Mukaona Mitutoyo pa mtengo wa tepi wamba, dziwani kuti ndi dzina lokha.

Njira yake ndi yomwe mukuidziwa: Johannesburg, Beitbridge, Harare, kulowa kwathu pa Nyamapanda ndi Cuchamano, mpaka mu Tete. Zina zing'onozing'ono zimapezeka ku Blantyre ndi ku Lilongwe, n'kulowera pa Zóbuè kapena pa Calómuè, ngakhale mtengo umakhala utakwera kale poti nawonso anachita kuoda kunja. Sungani lisiti ya sitolo ndipo katunduyo mumuonetse kwa a Alfândega, otolera msonkho wa katundu pa malire. IVA, msonkho wa pa zogula ndi zogulitsa, ili pa 16 peresenti kuyambira 2023, kuwonjezera pa msonkho wolowetsera katundu. Ena amaganiza kuti chilichonse chogula ku South Africa chimalowa mwaulere chifukwa cha SADC. Ayi. Mwayi umenewo ndi wa katundu wopangidwa m'maiko a SADC, wokhala ndi chikalata chosonyeza kumene anapangidwa, pamene zida izi zambiri zimachokera ku China. Chiphaso chophweka cha COMESA chimene anzathu a ku Malawi ndi Zambia amagwiritsa ntchito pa Mchinji sichitikhudza, poti Mozambique siili m'bungwelo. Ngati mukufuna kugulitsa kwa makampani a ku Moatize, khalani ndi NUIT, nambala yanu ya msonkho, chifukwa adzafuna fatura, chikalata chosonyeza katundu ndi mtengo wake.

Ubwino wa katunduyu ndi woti sadya malo, koma ndi wosachedwa kuwonongeka. Chitsulo chowongoka chimangeni pakati pa timatabwa tiwiri, ndipo musalole anyamata a basi kuchiponya pansi pa mabelo a zofunda. Vernier ndi sikweya zikhale m'chikwama chimene mwanyamula nokha. Zipakeni timafuta pang'ono, mukulunge mu pulasitiki, chifukwa dzimbiri likangogwira m'mphepete mwa sikweya palibenso wogula.

Poika mtengo muziwerenga mu randi, ndalama imene mukaodere ulendo wotsatira, kenako musinthe kukhala metikali tsiku logulitsa. Akakulipirani makwacha pa msika wa m'malire, asintheni msanga, musagone nawo sabata. Ngongole kwa kalipentala amene akudikira kuti wina adzawombole mabedi ake musapereke. Ngati ndalama yamuperewera, kuli bwino mumuyezere makina ake alipire ya ntchitoyo, chida chibwerere nanu.